Ufa wa mabotolo mu konkire: chinsinsi chili pa kagayidwe

Mlimi wa ku Angónia akagulitsa mbatatesi kapena fodya, maso amakhala pa malata ndi simenti. Koma simenti imadula, pakuti mafakitale ake akuluakulu ali kutali, monga ku Dondo pafupi ndi Beira. Pamenepo n'kuti kuseri kwa mabala a ku Ulongué ndi pa chipata cha Calómuè kuli milu ya mabotolo osabweza, amene ntchito yake n'kucheka ana kumapazi. Mabotolo amenewa angathe kulowa m'malo mwa gawo lina la simenti, koma pokhapokha atagayidwa bwino.

Mayi aliyense amadziwa kuti mphale ndi ufa ndi chimanga chimodzimodzi, koma mphale siphika nsima. Ukaiviika m'madzi imangofufuma. Ikapita kuchigayo n'kusefedwa ndi pamene imagwirana mumphika. Galasi nalo n'chimodzimodzi. Pafupifupi magawo 70 pa 100 a botolo ndi silika, chinthu chomwe chija chili mumchenga. Simenti ikathiridwa madzi imalimba, koma imasiya laimu wina amene sawonjezera mphamvu kwenikweni. Galasi losalala ngati ufa woyera limakumana ndi laimu wotsalayo, ndipo ziwirizo zimapanga zomatira zina zimene zimatseka timabowo ta mu konkire. Madzi salowamo msanga, zitsulo za mkati sizichita dzimbiri wamba.

Galasi la zibenthu, lophwanyidwa ndi hamala, ndilo mphale. Likakhala mu konkire, mchere wa mu simenti umalidya pang'onopang'ono n'kupanga utomoni umene umamwa chinyezi n'kufufuma. Pakapita zaka, khoma limachita ming'alu kuchokera mkati. N'chifukwa chake amisiri athu asayerekeze kusinja mabotolo pamwala n'kuthira mu wilibala. Ufawo uyenera kusalala ngati simenti yeniyeniyo kapena kuposa, ndipo zimenezi zimafuna makina ogayira, osati mtondo. Wogwira ntchitoyo atseke mphuno ndi maso.

Muyeso nawo ndi wofunika. Ufa wa galasi paokha sumanga kanthu, umadalira laimu wa mu simenti. Akatswiri ambiri amachotsa magawo 10 mpaka 20 pa 100 a simenti n'kuikamo ufawo, kutanthauza makilogalamu 5 mpaka 10 pa thumba la makilogalamu 50. Konkire yotere imachedwa kukhwima: masiku oyamba imakhala yofowokerapo, koma mphamvu imapitiriza kukwera ngakhale atadutsa masiku 28 amene amisiri amawerengera. Kuno kumapiri, kumene June ndi July kumazizira kwambiri, kuchedwako kumakula, choncho kuthirira kusalekezedwe msanga.

Nzeruyi si yachilendo. Aroma akale ankasakaniza laimu ndi phulusa la mapiri ophulika a ku Pozzuoli, ndipo nyumba yawo ya Pantheon idakalipo ku Rome. Masiku ano akatswiri a pa yunivesite ya Sherbrooke ku Canada afufuza ufa wa galasi kwa zaka zambiri. Mzinda wa Montréal unamanga milatho iwiri ya Darwin ndi konkire imene magawo 10 pa 100 a simenti yake analowedwa m'malo ndi galasi la mabotolo pafupifupi 70,000. Mu 2020 bungwe loona za miyezo la ASTM linatulutsa malamulo a ufa umenewu. Phindu lina ndi la mpweya: ng'anjo ya simenti imatentha kufika madigiri 1,450 ndipo imatulutsa utsi wambiri wotenthetsa dziko, choncho kuchepetsa simenti kumachepetsanso utsiwo.

Ine ndikufunitsitsa kuona ntchitoyi ikuyamba kwathu kuno, koma iyambe mwadongosolo. Khonsolo ya Ulongué ingathe kusonkhanitsa mabotolo pamalo amodzi, achinyamata n'kumatsuka ndi kugaya, zitsanzo n'kutumizidwa ku Laboratório de Engenharia de Moçambique kuti akaziyeze mphamvu. Tiyambire pa mabuloko a mpanda, ngalande ndi pansi pa msika. Nsanamira ndi milatho zidikire kaye mpaka zoyeza zitatsimikizira.