Mwala wa ku Kanyika ndi waya wosataya magetsi

Pano pa Boma la Mzimba anthu akadziwa kuti ntchito yanga ndi fizikisi, amandifunsa kuti niobium wa ku Kanyika, kwa Inkosi Mabulabo, akunja akumufuniranji. Kwambiri amalimbitsira chitsulo. Koma ine chimene chimandigwira mtima n'china.

Mu waya wamba ma elekitironi amagundagunda, waya n'kutentha, mphamvu n'kutayika. N'chifukwa chake magetsi ochoka ku Nkula safika onse kuno kumpoto. Mu 1911 Heike Kamerlingh Onnes wa ku Leiden anaziziritsa mercury mpaka madigiri 269 pansi pa ziro, magetsi n'kumadutsa osatayika ngakhale pang'ono. Zotere timazitcha ma superconductor. Waya wa niobium wosakaniza ndi titanium ndi amene amapangira maginito a makina a MRI, koma amafuna helium wamadzi, wokwera mtengo zedi.

Ndiye tikusaka zosafuna kuzizira koopsa chonchi. Mu 1986 zinapezeka m'zosakaniza za kopa. Popeza nickel amafanana ndi kopa m'zambiri, akatswiri anamulondola zaka zochuluka, mpaka mu 2019 gulu la Harold Hwang ku Stanford linapambana posakaniza nickel, neodymium, strontium ndi okosijeni. Mu 2023 gulu la Meng Wang ku Guangzhou linafika pa madigiri 193 pansi pa ziro ndi chosakaniza china cha nickel, ngakhale linachita kufinya chinthucho ndi mphamvu yoposa ya mpweya wotizingawu ka 100,000.

Pamene pali mkangano ndi apa. M'zosakaniza za kopa ma elekitironi nthawi zina amaima m'mizere ngati munda wolimidwa, pena ochuluka pena ochepa, ndipo mizereyi imalimbana ndi kuyenda kwa magetsi kosataya kuja. Mu 2022 magulu angapo analengeza kuti aiona mizere yomweyi mwa nickel. Koma akatswiri a ku Cornell atakonza zoyesera zoyera bwino, mizere ija sinaoneke. Inachokera ku okosijeni wotsalira. Ine ndili kumbali ya a Cornell, chifukwa chizindikiro chimene chimazimirira ukayeretsa choyesera sungachidalire.

Neodymium uja amene a Hwang anasakaniza ndi nickel ali ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe. Aphunzitsi anzanga a m'masekondale a kuno ku Mzimba, auzeni ana za ntchito ya miyala yathuyi mgodi wa Kanyika usanayambe kutumiza katundu kunja.