Malo Osamalira Anthu a Ulumali wa mu Ubongo: Zoyenera Kuona ndi Kufunsa

Mau oyamba

Ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri kuli mabanja amene ali ndi mwana kapena wamkulu wovutika kuphunzira, kulankhula ndi kudzisamalira. Moyo wa m'tauni ndi wovuta kwa banja lotere. Mayi ayenera kupita ku geni, bambo ku ntchito kapena ku ganyu, ndipo agogo amene akadathandiza ali kumudzi. Tsono pakamveka kuti kwinakwake kwatsegulidwa malo osunga anthu otere, banja limaona ngati lapeza mpumulo. Malo ena amasamaladi bwino, koma ena ndi oopsa. M'mutu uno tikambirana m'mene tingasiyanitsire malo abwino ndi oipa.

Kodi tikunena anthu ati?

Ulumali wa mu ubongo ndi wosiyana ndi misala. Munthuyu amachedwa kumvetsa zinthu ndiponso kuphunzira, ndipo vutoli limayamba ali mwana. Ena amabadwa nalo, monga ana a Down syndrome. Ena ubongo unavulala chifukwa anachedwa kupuma pobadwa. Enanso anadwala malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi kapena chikasu chachikulu ali khanda. Paja akuluakulu anati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza.

Choncho si zoona kuti makolo anakhwimira mwanayo kuti alemere, kapena kuti ndi chilango cha Mulungu (werengani Yohane 9:1-3). Mau monga chitsiru, wozerezeka kapena ndondocha ndi achipongwe, tiwasiye. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti anthu 10 mwa 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo m'Malawi ali ndi ulumali wa mtundu wina. Ena mwa iwo ndi abale athu amene tikukamba pano.

Malamulo akuti chiyani?

Malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, a mu 1994, akuti ulemu wa munthu suyenera kuphwanyidwa ndipo munthu asazunzidwe (gawo 19). Gawo 20 likuletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Mu 2009 dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu a ulumali. Gawo 19 la panganoli likuti munthu wa ulumali ali ndi ufulu wosankha kumene akufuna kukhala, ndi kukhala pakati pa anthu anzake. Mu 2010 kunabwera lamulo losamalira ndi kuteteza ana, mu 2012 lamulo la anthu a ulumali, ndipo mu 2024 lamulo latsopano linalowa m'malo mwa la 2012. Bungwe la MACOHA, limene anthu a ku Bangwe akulidziwa chifukwa cha fakitale yoluka nsalu, linasanduka MACODA.

Tanthauzo lake ndi ili: munthu akalowa pa malo osamalira anthu, ufulu wake sutsala pa geti. Ndiponso malo osunga ana sayenera kutsegulidwa popanda chilolezo cha boma. Bungwe la Malawi Human Rights Commission litayendera malo osunga ana mu 2014, linapezamo ana oposa 10,000, ndipo ena mwa malowo analibe chilolezo.

Zimene zinachitika kwa anzathu

Mu 2016 akuluakulu a zaumoyo m'chigawo cha Gauteng ku South Africa, pofuna kuchepetsa ndalama, anachotsa anthu oposa 1,000 m'zipatala za Life Esidimeni. Ambiri anakawasiya ku timabungwe topanda chilolezo choyenera, topanda anamwino, mankhwala ndi chakudya chokwanira. Anthu 144 anamwalira, ena ndi njala, ludzu ndi chibayo. Mabanja ambiri sanauzidwe n'komwe kumene abale awo anapita.

Ku England, mu 2011, wailesi ya BBC inaonetsa anthu ogwira ntchito pa Winterbourne View, pafupi ndi Bristol, akumenya ndi kuzunza anthu a ulumali wa mu ubongo. Wantchito wina anali atadandaula kale kwa akuluakulu koma sanamumvere. Antchito 11 anapezeka olakwa m'khoti. Malowa anali a nyumba zokongola ndi ndalama zambiri. Phunziro lake n'lakuti nkhanza zimakula pamene zitseko zili zotseka ndipo achibale sakubwera.

Zinthu zisanu ndi ziwiri zoyenera kuona

1. Chilolezo. Tipemphe kuona kalata ya boma. Tikafunsenso ku ofesi ya Social Welfare ya boma la Blantyre ngati malowo akuwadziwa, ndiponso kuti anawayendera liti. Dzina la mpingo kapena la woyera mtima pa chikwangwani si chilolezo.

2. Antchito. Kodi alipo angati masana, nanga usiku? Anaphunzira za chisamalirochi? Kodi mbiri yawo inafufuzidwa asanalembedwe? Amalandira malipiro pa nthawi yake? Wantchito mmodzi wotopa sangadyetse, kusambitsa ndi kuyang'anira anthu makumi awiri. Atsikana ndi amayi azisambitsidwa ndi amayi anzawo.

3. Nyumba ndi pamene ili. Namondwe wa Freddy, mu Marichi 2023, anatiphunzitsa zowawa pamene matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Malo a anthu ovutika kuthawa okha asakhale m'mbali mwa mtsinje kapena pansi pa phiri logumuka. Chitseko chogona chisakhomedwe ndi loko kunja. Mbaula ndi makandulo zisalowe m'chipinda chogona. Amuna ndi akazi, ana ndi akulu, azigona padera, aliyense pa malo ake ndi m'neti.

4. Madzi, chimbudzi ndi chakudya. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Blantyre inakhudzidwa kwambiri. Tifunse kuti mipopi ikauma madzi amawatenga kuti, ndipo ngati amathiramo mankhwala. Tilowe m'chimbudzi tione tokha. Munthu wovutika kumeza azidyetsedwa atakhala tsonga, pang'onopang'ono, chifukwa chakudya chikalowa m'mapapo chimayambitsa chibayo.

5. Mankhwala. Munthu aliyense akhale ndi buku lake la kuchipatala. Ambiri a ulumali uwu amadwalanso khunyu, ndipo mankhwala ake sadumphitsa tsiku. Antchito adziwe kuti khunyu sapatsirana, kuti munthu akagwa amamugoneka cham'mbali, samuika kanthu m'kamwa, ndipo akapitirira mphindi 5 amathamangira naye kuchipatala monga ku Queen Elizabeth. Kumwetsa munthu mankhwala ogonetsa kuti asavute antchito ndi nkhanza.

6. Ulemu. Kumanga munthu ndi chingwe kapena unyolo, kumutsekera yekha, kumumana nsima ngati chilango, zonsezi n'zoletsedwa ngakhale zitachitika m'dzina la mapemphero. Munthu aziitanidwa ndi dzina lake, azivala zovala zake, azifunsidwa chimene akufuna. Ana azipita ku sukulu, akulu aziphunzira ntchito za manja. Asajambulidwe zithunzi zopemphera ndalama popanda chilolezo.

7. Khomo lotseguka. Achibale aziloledwa kubwera ngakhale osanena. Pakhale munthu wa kunja kwa malowo wolandira madandaulo. Ngozi iliyonse, matenda kapena imfa zilembedwe ndipo banja liuzidwe tsiku lomwelo.

Zizindikiro za vuto

Ambiri mwa abale athuwa sangathe kufotokoza zimene zawachitikira, choncho thupi lawo ndilo limalankhula. Tichenjere tikaona kuonda msanga, zilonda za kugona malo amodzi, mabala m'mikono kapena m'akakolo, kugona masana onse, kuopa munthu mmodzi, kapena kukodza pogona kumene kunalibe kale. Mtsikana akanena kuti wina wamugwira, timukhulupirire. Ogwirira amasankha dala anthu otere podziwa kuti palibe adzawamvere. Nkhani yotere si yokambirana kuseri kapena yolipitsana mbuzi. Tipite naye kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti padutse maola 72, kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Tikanenenso ku Victim Support Unit ya polisi. Ngati ndi mwana, tingaimbenso ulere pa nambala ya 116.

Kodi kumusiya kumalo otere ndiyo njira yokhayo?

Iyayi. Kawirikawiri munthu amakula bwino kwawo, banja likamathandizidwa. Aphunzitsi a ana ovutika kuphunzira amasulidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, ndipo sukulu zina za boma zili ndi chipinda chapadera cha ana otere. Makolo ali ndi bungwe lawo la PODCAM, ndipo mabungwe a anthu a ulumali amakumana mu FEDOMA. Ku Mzuzu a St John of God amathandiza ana akuchokera kunyumba kwawo. Tisaiwalenso kuti miyezo ili pamwambayi ikukhudza nyumba zathu zomwe. Mwana wotsekeredwa m'nyumba ya lendi tsiku lonse mayi ali ku msika naye ali pa ngozi ya moto ndi ya anthu oipa. Mayiyo tisamuweruze, koma timuthandize.

Mafunso okambirana mu mphakati

1. Kodi mu mphakati wathu muli mabanja angati a anthu a ulumali wa mu ubongo? Tinawayendera liti?
2. Kodi tingagawane bwanji masiku okhala ndi mwana kuti mayi ake apite ku geni kapena kuchipatala?
3. Ngati m'parishi yathu muli malo osamalira anthu otere, ndani mwa ife angapite ku Social Welfare mwezi uno kukafunsa za chilolezo chake?
4. Tisankhe anthu awiri, bambo ndi mayi, oti aziyendera malowo mwezi ndi mwezi ndi kupereka lipoti ku komiti ya Chilungamo ndi Mtendere.