Chining'a sichimasuliridwa liwu ndi liwu

Pa Kalomwe, m'malire a Angónia ndi Dedza, mwana amakula akumva zinenero zitatu: Chinyanja pakhomo, Chipwitikizi kusukulu, ndi Chingerezi kwa oyendetsa malole komanso pa wailesi za ku Malawi. Mawu amodziamodzi amawatola msanga. Chimene chimamuzunguza mutu ndi zining'a, chifukwa tanthauzo lake silikhala m'mawu amene akumvekawo.

Wolankhula Chingerezi akati "it cost an arm and a leg", palibe amene wadulidwa mkono kapena mwendo. Akutanthauza kuti katunduyo ndi wokwera mtengo kwambiri. M'Chipwitikizi amatchula maso, "custou os olhos da cara", pomwe m'Chinyanja amati mtengowo ndi woboola m'thumba. "A piece of cake" si keke koma ntchito yosavuta, imene m'Chipwitikizi amati "é canja". "To pull someone's leg" ndi kunamiza munthu mwanthabwala.

Kudziwa tanthauzo lokha sikokwanira, popeza chining'a chilichonse chili ndi pake. "To kick the bucket" ndi kumwalira, monganso "bater as botas", koma zonse ziwiri ndi zanthabwala. Sizifanana ndi "kutsamira mkono", mawu aulemu opepetsa uthenga wa maliro. Wophunzira amene wauzidwa kuti zitatuzi ndi chimodzi akhoza kunyoza anamfedwa iye akuganiza kuti akupepesa. Pamaliro mawu oyenera ndi "passed away" kapena "faleceu".

Maphunziro a zinenero ziwiri, amene bungwe la INDE linawayesa m'zigawo za Tete ndi Gaza kudzera mu PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997, amayambira pa chimene mwana akudziwa kale. Zining'a nazo ziyambire pomwepo. Mphunzitsi ayambe wafunsa ana tanthauzo la "kutsina khutu" kapena "kulemba m'madzi". Akayankha kuti ndi kuchenjeza mnzako mwachinsinsi ndi kutaya mphamvu pachabe, aona okha kuti palibe khutu lotsinidwa kapena cholembera chonyowa. Apa mpamene abweretse chining'a chachilendo, m'chiganizo chathunthu.

Pabolodi pakhale mizere inayi: chining'a, tanthauzo lake, chofanana nacho m'Chinyanja, ndi kumene chimanenedwa. Chofanana nacho chikasowa, asachite kupeka. Kufotokoza tanthauzo m'mawu wamba nkokwanira. Ntchito ya kunyumba ikhale yokafunsa agogo zining'a zina, kuti mzere wa Chinyanja uzitalika sabata ndi sabata.