Mishoni ya ku Mbombwe

Mbombwe ndi malo amene ali m'boma la Chiradzulu. Kumeneko n'kumene Mbusa John Chilembwe anayambitsa mishoni yotchedwa Providence Industrial Mission m'chaka cha 1900, atabwerako ku America kumene anakaphunzira zaubusa.

Masiku amenewo anthu a m'midzi yozungulira Mbombwe anali pa umphaŵi waukulu. Malo ambiri achonde anali m'manja mwa Azungu a minda ikuluikulu, ndipo anthu okhala pa malowo ankagwira thangata. Boma linkafuna msonkho wa nyumba, koma ndalama inali yosoŵa. Ana ambiri ankakula osadziŵa ndi chilembo chimodzi chomwe.

Mbusa Chilembwe anaona kuti anthu anjala ndi ausiŵa ngati ameneŵa safunika ulaliki wokha ayi. Iwo ankakhulupirira kuti munthu wophunzira, waukhondo ndiponso wodya thukuta lake sanyozeka. Motero pambali polalikira Mawu a Mulungu anatsegula sukulu pamishonipo ndi m'midzi ina. M'sukuluzo ana ndi akulu omwe ankaphunzira kulemba, kuŵerenga ndi masamu. Abambo analimbikitsidwa kulima mbewu zogulitsa monga thonje ndi khofi kuti azipeza ndalama osapita kuthangata.

Amayi nawo sanatsalire m'mbuyo. M'chaka cha 1902 kunafika Mayi Emma DeLany, mphunzitsi wachikuda wochokera ku America. Iwo pamodzi ndi Mayi Ida Chilembwe ankaphunzitsa amayi ndi atsikana kusoka zovala ndi kusamala pakhomo. Akhristu a pamalopo anaumba njerwa namanga tchalitchi chachikulu chimene chinatha m'chaka cha 1913.

Koma nkhanza za thangata zinkangokulirakulira. M'chaka cha 1915 Mbusa Chilembwe anatsogolera anthu kuukira boma la atsamunda, ndipo anaphedwa. Asilikali anagwetsa tchalitchi chija, mishoni nitsekedwa.

Ntchitoyo sinathere pomwepo. Pakati pa ana amene anaphunzitsidwa ndi Mayi DeLany panali mnyamata wina dzina lake Daniel Malekebu. Iyeyu anapita ku America kumene anaphunzira zaudokotala ndi zaubusa. M'chaka cha 1926 Dokotala Malekebu anatsegulanso mishoni ya ku Mbombwe. Anthu anamanga tchalitchi china, ana anabwerera kusukulu, ndipo odwala anayamba kulandira mankhwala pafupi ndi kwawo. Chonchotu mmodzi mwa ana amene mishoni inawaphunzitsa ndi amene anadzaidzutsa patapita zaka 11.

Mafunso

1. Kodi Mbombwe ali m'boma liti?
2. Tchulani mavuto aŵiri amene anthu a m'midzi anali nawo.
3. N'chifukwa chiyani Mbusa Chilembwe anatsegula sukulu?
4. Kodi amayi ankaphunzira chiyani pamishonipo?
5. Fotokozani tanthauzo la mawu akuti "kudya thukuta lako".