KUMVETSA ZIWERENGERO ZA UMBANDA NDI NKHANZA ZOGWERA ANA ATHU M'MAKOLEJI

Mawu oyamba

Makolo ambiri kuno ku Mchinji amagulitsa mtedza, soya kapena fodya kuti mwana apite ku koleji ku Lilongwe, ku Bunda, ku Zomba kapena ku Nguludi. Mwana akachoka, mtima wa kholo sukhala m'malo. Tsiku lina timamva pa wailesi kuti kuba kwachuluka pakati pa ophunzira, tsiku lina timamva kuti madandaulo achepa. Kholo lina limachita mantha n'kuganiza zomuitanitsa mwana wake, pamene lina limangogona tulo. Onse awiri akhoza kulakwitsa ngati sanachimvetse chiwerengero chimene amva. Akulu anati safunsa anadya phula. Tisanakhulupirire chiwerengero chilichonse, tiyeni tizichifunsa mafunso asanu awa.

1. Kodi chachokera kuti?

Pali njira ziwiri zowerengera umbanda. Yoyamba ndi mabuku a polisi kapena a akuluakulu a koleji. M'mabuku amenewa mumalowa milandu yokhayo imene munthu anapita kukanena. Njira yachiwiri ndi kafukufuku, pamene anthu ophunzitsidwa amayenda khomo ndi khomo kufunsa anthu zimene zinawachitikira, kaya anakanena kaya ayi.

M'chaka cha 2003 ofesi ya boma ya National Statistical Office ya ku Zomba inachita kafukufuku wotere m'dziko lonse. Inapeza kuti umbanda umene unagwera anthu ambiri unali kuba mbewu m'munda, kenaka kuba ziweto, ndipo ambiri mwa anthu obedwa mbewu sanapite ku polisi. Ife a kumudzi tikudziwa chifukwa chake: polisi ili kutali, ndipo nkhani ya chimanga timayamba kupita nayo kwa amfumu.

M'makoleji zilinso chimodzimodzi. Wophunzira wobedwa foni kawirikawiri amangodandaulira anzake. Mtsikana amene akuvutitsidwa ndi munthu wa udindo amaopa kulephera mayeso kapena kusekedwa, motero amakhala chete. Choncho buku likakhala ndi milandu yochepa, sindiye kuti kuli mtendere.

2. Kodi ndi pa anthu angati?

Tiyerekeze makoleji awiri. Ku koleji yoyamba ophunzira 40 anabedwa katundu m'chaka chimodzi, ku yachiwiri anabedwa 10. Pomva chabe tinganene kuti yoyamba ndiyo yoopsa. Koma ngati yoyamba ili ndi ophunzira 2,000, ndiye kuti anabedwa ndi awiri pa ophunzira 100 alionse. Ngati yachiwiri ili ndi ophunzira 200, anabedwa ndi asanu pa 100 alionse. Apa tikuona kuti mwana ali pa chiopsezo chachikulu ku koleji yaing'onoyo. Mawu akuti peresenti amatanthauza zimenezi: angati pa 100 alionse.

Kuno ku malire pali china chofunika kuchikumbukira. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 602,305 m'boma la Mchinji. Koma tsiku lililonse pa chipata cha Mwami pamadutsa amalonda, madalaivala ndi apaulendo opita ku Chipata kapena ochokerako. Iwowa akabedwa, mlandu umalembedwa kuno, chonsecho pa kalembera wa boma lino palibe. Wogawa milanduyo ndi chiwerengero cha eni boma okha akhoza kuonetsa ngati kuno n'koopsa kuposa m'mene kulili.

3. Kodi chikunena za nthawi iti?

Kafukufuku wa 2003 uja anafunsa zimene zinachitika m'miyezi 12 ya m'mbuyo mwake, dziko litangodutsa m'njala yoopsa ya 2002. Achikulire akukumbukira m'mene anthu ankagonera m'minda kulondera chimanga chachiwisi. Chiwerengero cha nthawi ya njala sichingatiuze za chaka cha zokolola zambiri, ndipo cha 2003 sichingatiuze za lero.

Chitsanzo china chikukhudza achinyamata. M'chaka cha 2013 Unduna woona za amayi ndi ana, mothandizana ndi bungwe la UNICEF, unachititsa kafukufuku wa nkhanza zochitikira ana ndi achinyamata. Pakati pa a zaka 18 mpaka 24, womwe ndi msinkhu wa ophunzira ambiri a m'makoleji, mtsikana mmodzi pa asanu alionse ndi mnyamata mmodzi pa asanu ndi awiri alionse ananena kuti anachitiridwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwanitse zaka 18.

Tionetsetse bwino apa. Chiwerengerochi sichikunena za chaka chimodzi, ndipo sichikunena za m'makoleji. Chikunena za ubwana wonse wa achinyamata a m'dziko lonse, ophunzira ndi osaphunzira omwe. Munthu wonena kuti mtsikana mmodzi pa asanu akuchitiridwa nkhanza ku koleji chaka chilichonse wachipotoza. Chimene chikutiuza n'chowawa kuposa pamenepo: ana ambiri amafika pa msinkhu wa koleji atavulazidwa kale, akadali m'manja mwathu.

4. Kodi mawu akutanthauza chiyani?

Pa kafukufuku wa 2013, nkhanza zokhudza kugonana sizinali kugwirira kokha. Anaphatikizapo kugwidwagwidwa thupi munthu asakufuna, kuyesa kumugwirira, ndi kumuumiriza kugonana. Kafukufuku wina akawerenga kugwirira kokha, chiwerengero chake chidzakhala chochepa, ngakhale anthu ofunsidwa akhale omwewo. Ziwerengero ziwiri tingazifanizire pokhapokha ngati funso linali limodzi. Tionenso kuti anyamata ali m'gulu la ochitiridwa nkhanza, ngakhale ambiri amachita manyazi kuulula.

5. Kodi chikakwera, n'chiyani chakwera?

Mwina umbanda wachulukadi. Koma mwinanso anthu ayamba kulimba mtima n'kumakanena. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 linaika poyera kuti kuvutitsa munthu pa nkhani za kugonana ndi mlandu. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yomvera madandaulo a nkhanza. Koleji imene yatsegula khomo lodandaulira ikhoza kulemba milandu yambiri kuposa imene imabisa nkhani poteteza mbiri yake. Kholo lanzeru lisathawe koleji yoyambayo chifukwa cha chiwerengero chokha.

Tichitepo chiyani?

Mwana akabwera ku holide, tisamufunse za mayeso zokha. Timufunse kumene amagona, ngati chitseko chili ndi loko, ndi kwa yani angakadandaule atakumana ndi vuto. Akatiuza choipa chimene chamuchitikira, tisamudzudzule, koma timuperekeze ku Victim Support Unit, ndipo ngati wagwiriridwa tithamangire naye ku chipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Mlandu uliwonse wonenedwa umathandiza kuti ziwerengero zinene zoona, ndipo akuluakulu sangakanenso kuti vuto lilipo.

Mafunso okambirana pa Mphakati

1. Ndi milandu iti ya m'dera lathu imene siifika ku polisi? Chifukwa chiyani?

2. Kodi ana athu, aakazi ndi aamuna, ali ndi munthu amene angamuuze zakukhosi popanda mantha?

3. Tikamva chiwerengero pa wailesi kapena pa msonkhano wa ndale, tifunse mafunso ati tisanachifalitse kwa anzathu?