KAUNDULA WA ANTHU OSOWA POKHALA: ZOMWE MIZINDA YA KU CANADA IKUCHITA

Tikamva za dziko la Canada ambiri timaganiza za chuma. Komatu m'dziko lomwelo muli anthu amene alibe pogona. Kafukufuku wa m'chaka cha 2016 anaonetsa kuti anthu pafupifupi 235,000 ankasowa pokhala pa chaka, ndipo usiku uliwonse pafupifupi 35,000 analibe nyumba yoti n'kuitchula yawo. Kumeneko kugona panja si nkhani yamasewera. M'mizinda ngati Winnipeg ndi Edmonton mwezi wa Januwale kumazizira koti munthu wogona pakhonde la sitolo atha kupezeka atauma m'mawa.

M'mutu uno tiona mmene mizinda ya kumeneko imalembera anthu oterewa m'kaundula mmodzi, ubwino wake ndi zoopsa zake. Nkhani ya kalembera ikukhudza ufulu wa munthu, choncho ndi bwino tiimvetse.

Kodi vuto linali pati?

Kwa zaka zambiri ntchito yothandiza osowa pokhala inali m'manja mwa magulu osiyanasiyana monga mipingo, mabungwe omwe si a boma, zipatala ndi makhonsolo a mizinda. Gulu lililonse linali ndi buku lakelake. Munthu akagona ku nyumba yolandirira ovutika Lolemba, ankamufunsa dzina, zaka, matenda ndi chimene chinamuchotsa pakhomo. Lachiwiri akapita kokalandira chakudya, mafunso ndi omwewo. Lachitatu ku ofesi yoona za nyumba, omwewonso. Taganizani mayi wothawa nkhanza za mwamuna wake kuti afotokoze zamanyazi zomwezo kwa anthu asanu osawadziwa pa sabata imodzi! Ambiri ankatopa n'kungosiya.

Chiwerengeronso sichinkadziwika. Wina ankalembedwa kanayi m'mabuku anayi, pamene mnzake wogona pansi pa mlatho sanalembedwe ngakhale pamodzi. Nyumba ikapezeka inkapita kwa amene wafika msanga pa mzere kapena wodziwa kudziyankhulira. Odwala kwambiri, makamaka odwala matenda a ubongo ndi omwe agwidwa ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, ndiwo ankatsalira, chonsecho ndi amene imfa ili nawo pafupi.

Khomo lililonse likhale lolondola

Pa 1 Epulo 2019 boma la Canada linayamba ndondomeko yotchedwa Reaching Home. Mwa zina, linauza madera olandira ndalama za ndondomekoyi kuti akhazikitse njira imene iwo amaitcha Coordinated Access, kutanthauza kuti magulu onse a m'dera agwirire ntchito pamodzi ngati nyumba imodzi ya zitseko zambiri. Mutu umodzi susenza denga. Dziko la America linali litayamba kale zofanana ndi zimenezi: unduna wake woona za nyumba, HUD, unalamula m'Januwale 2017 kuti madera onse akhale atakonza njira yotere pofika Januwale 2018.

Zimayenda motere. Munthu akafika pa khomo lililonse logwirizana, kapena akakumana ndi ogwira ntchito oyenda m'misewu, amayamba acheza naye kuti aone ngati vuto lake lingathe msanga, mwina pomuyanjanitsa ndi achibale kapena kumulipirira lendi imene watsalira. Zikakanika, amamufunsa mafunso omwe magulu onse anagwirizana, ndipo dzina lake limalowa pa mndandanda umodzi. Bungwe lililonse likakhala ndi malo limadziwitsa anzake, ndipo amene ali patsogolo pa mndandanda malinga ndi mfundo za deralo ndiye amaitanidwa. Bungwe silisankhanso lokha munthu amene lamukonda.

Kodi amalemba chiyani, ndipo amasunga kuti?

Boma limapereka kwaulere pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa HIFIS. Madera amene anali kale ndi ina yofanana nayo amaloledwa kupitiriza ndi yawoyo. Tingaiyerekeze ndi kabuku ka kuchipatala: dokotala wa lero amaona zomwe mnzake analemba mwezi watha, ndipo wodwala sayambiranso kufotokoza. Kusiyana kwake n'kwakuti kabuku ka kuchipatala kamakhala m'thumba mwanu, pamene kaundula uyu ali m'manja mwa ena. Mfundo imeneyi tibwereranso.

M'kaundulamo mumalowa dzina, tsiku lobadwa, ngati ali ndi ana, kumene wakhala akugona, nthawi imene watha alibe nyumba ndi thandizo lomwe walandira. Nthawiyo ndi yofunika kwambiri, chifukwa boma lili ndi muyeso wake wa munthu amene wakhalitsa m'vutoli: ndi amene wakhala wopanda nyumba masiku 180 m'chaka chapitacho, kapena miyezi 18 tikaphatikiza m'zaka zitatu zapitazo. Popanda cholembedwa, ndani angakumbukire masiku onsewo?

Pali kuwerenga kwa mitundu iwiri ndipo tisakusokoneze. Kwina ndi kwa usiku umodzi, pamene anthu odzipereka amayenda m'misewu ndi m'nyumba zogonamo ovutika n'kuwerenga aliyense amene amupeza. Ku America amachita zimenezi kumapeto kwa Januwale, ndipo m'chaka cha 2024 anapeza anthu 771,480. Kuwerenga kotere kuli ngati chithunzi: kumaonetsa za tsiku limodzi basi, ndipo sikuona amene akugona pa mpando kwa mnzake. Kwinako ndi mndandanda wa mayina umene umakonzedwa mwezi ndi mwezi. Umaonetsa amene angolowa kumene m'vutoli, amene apeza nyumba, amene anapeza nyumba koma abwereranso ku msewu, ndi amene asowa. M'madera ambiri munthu akapanda kuoneka masiku 90 dzina lake amaliika pambali, osalifufuta, kuti akadzabwera asadzayambirenso.

Mphunzitsi aliyense akudziwa kuti rejisitala yoitanidwa kamodzi pa teremu ilibe ntchito. N'chimodzimodzi pano. Ngati ogwira ntchito salemba tsiku ndi tsiku, kompyuta imangosunga bodza mwadongosolo.

Tauni ya Medicine Hat m'chigawo cha Alberta, ya anthu oposa 60,000, inatchuka ndi njirayi. M'chaka cha 2021 inakhala yoyamba ku Canada kutsimikizidwa kuti okhalitsa opanda nyumba sanapitirire atatu kwa miyezi itatu yotsatizana. Pambuyo pake chiwerengerocho chinakweranso. Ena anaseka, koma taonani kuti anadziwa msanga za kukwerako chifukwa cha mndandanda womwewo.

Ndani ayambe kuthandizidwa?

Apa ndiye pagona nkhani. Nyumba n'zochepa, anthu ndi ambiri, motero wina ayenera kudikira. Madera ambiri amaika patsogolo okhalitsa pa msewu, odwala kwambiri, achinyamata ndi mabanja a ana. Koma mungayese bwanji kuvutika kwa munthu?

Kuyambira 2013 mizinda yambiri ku America ndi ku Canada inkagwiritsa ntchito pepala la mafunso lotchedwa VI-SPDAT. Linkafunsa monga izi: mwagonekedwa m'chipatala kangati m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, munamenyedwapo, munagwidwapo ndi apolisi, mumamwa mankhwala anu monga akuuzirani adokotala? Mayankho ankasanduka malikisi. Pa pepala la munthu wamkulu wosakhala ndi banja, wopeza 8 kapena kuposa ankayenera nyumba yokhala ndi omusamalira nthawi yaitali, wopeza 4 mpaka 7 thandizo la kanthawi, ndipo wochepera apo ankauzidwa kuti ayesetse yekha. Poyamba zinkaoneka zachilungamo, poti nambala ilibe m'bale.

M'chaka cha 2019 bungwe la C4 Innovations litafufuza m'madera angapo a ku America linapeza kuti azungu ankapeza malikisi okwera kuposa anthu akuda ndi a mitundu ina, kutanthauza kuti ankakhala patsogolo pa mzere wa nyumba. Chifukwa chimodzi chomwe anthu amatchula n'chosavuta kumva: munthu amene mtundu wake wakhala ukuzunzidwa ndi apolisi saulula msanga kwa mlendo wonyamula pepala kuti amasuta chamba kapena kuti anamangidwapo. Akabisa, malikisi amatsika, nyumba n'kumudutsa. Mayi woopa kulandidwa ana nayenso amabisa. Kumapeto kwa 2020 a OrgCode, omwe anali m'gulu lokonza pepalalo, analengeza kuti asiya kulilimbikitsa, ndipo madera ambiri akhala akukonza njira zawo zina.

Ine ndikuona kuti cholakwika chachikulu sichinali pa mafunsowo ayi, koma pa kukhulupirira nambala kuposa munthu amene wakhala pamaso pako. Pepalalo analikonza kuti lingothandiza kusanthula mwachangu, koma anthu analisandutsa woweruza. N'chifukwa chake madera ochita bwino amakhala ndi misonkhano ya kawirikawiri, pomwe ogwira ntchito a magulu onse amaona mayina limodzilimodzi, ndipo wina atha kunena kuti, "Bambo awa malikisi awo ndi otsika koma ndimawadziwa, nyengo yozizira ikubwerayi sadzaipirira."

Zinsinsi za munthu

Tsopano tibwerere ku mfundo ija, yakuti kaundula ali m'manja mwa ena. Wosauka naye ali ndi zinsinsi. Asanalembedwe ayenera kuuzidwa m'mawu omveka zomwe zilembedwe, amene adzazione ndi ntchito yake, kenaka avomere yekha. Malamulo a HUD amanena kuti munthu akakana kuti nkhani zake zigawidwe kwa mabungwe ena, asamanidwe thandizo pa chifukwa chimenecho. Izi n'zofunika, pakuti chilolezo chopereka munthu wanjala poopa kubwezedwa pakhomo sichisiyana kwenikweni ndi kumukakamiza.

Wogwira ntchito aliyense amalowa m'kompyuta ndi dzina lake ndi mawu ake achinsinsi, ndipo amaona zokhazo zokhudza ntchito yake. Wolandira anthu pa khomo usiku alibe chifukwa chowerengera za matenda a munthu. Ku America lamulo loteteza amayi ku nkhanza, monga linakonzedwera m'chaka cha 2005, limaletsa nyumba zobisalamo amayi othawa nkhanza kulemba mayina awo m'kaundula wa onse. Iwo amasunga wawo wapadera. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: mwamuna wankhanza atha kukhala ndi mnzake wogwira ntchito pa kompyuta, ndipo akadziwa komwe mkazi wabisala pangagwe maliro.

Ku Canada kulinso nkhani ya eni nthaka, mitundu imene inali m'dzikomo azungu asanafike. Iwo ndi anthu asanu okha pa 100 alionse m'dzikolo, koma pa kuwerenga kwa 2018 pafupifupi 30 pa 100 alionse opanda pokhala anali a mitundu imeneyi. Makolo awo anaona boma likulemba mayina a ana n'kuwatengera ku sukulu zogonera komweko mokakamiza, kotero saona kaundula ngati chinthu chopanda vuto. Atsogoleri awo amalimbikira kuti nkhani zolembedwa za anthu awo zikhale zawo, aziziyang'anira okha ndi kuzipeza pamene azifuna.

Kaundula si nyumba

Mndandanda ungakhale wolondola chotani, sumanga nyumba. Ngati mayina ali 500 ndipo malo opezeka pa mwezi ndi 10, njira yonseyi imangokhala mzere wadongosolo. Komabe kusalemba kuli ndi mtengo wake. M'Novembala 2022 mkulu wofufuza za kayendetsedwe ka chuma cha boma ku Canada anapeza kuti nthambi yoyendetsa Reaching Home inali itagwiritsa ntchito ndalama zoposa biliyoni imodzi ya madola, koma sinkadziwa ngati okhalitsa opanda nyumba akuchepa kapena akuchuluka. Nzika zinali ndi ufulu wofunsa, ndipo boma linalibe yankho.

Nanga kwathu kuno?

Kwathu kusowa pokhala kumabwera kwambiri ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi. M'Malichi 2023 namondwe wa Freddy anachotsa anthu oposa 600,000 m'nyumba zawo m'chigawo cha kum'mwera, ndipo ambiri anakasungidwa m'masukulu ndi m'matchalitchi. Kumenekonso thandizo linkatsata mayina olembedwa, ndipo mabungwe othandiza anali ambiri. Mafunso a ku Canada ndi omwewo: kodi mndandanda ndi umodzi kapena bungwe lililonse lili ndi wake? Kodi gogo wosatha kuyenda kufika pa bwalo walembedwa? Kodi amene abwerera kumudzi achotsedwa?

Gawo 21 la Malamulo Oyendetsera Dziko lino limateteza ufulu wa munthu wosunga zinsinsi zake, ndipo m'chaka cha 2024 kunabwera lamulo lapadera loteteza nkhani za anthu zosungidwa m'makaundula. Motero alembi akafika pa msasa kapena m'mudzi mwanu, sikulakwa kuwafunsa mwaulemu kuti atumidwa ndi yani, mayinawo apita kuti, ndi mfundo ziti zomwe atsate posankha oyamba kulandira, ndiponso komwe mungakadandaule ngati dzina lanu lasiyidwa kapena lalembedwa molakwika. Ngati inuyo ndi amene mwapatsidwa ntchito yolemba, funsani nkhani za matenda ndi za m'banja pambali, osati pa gulu, ndipo bukulo musalisiye pa tebulo poti aliyense wodutsa n'kulitsegula.