Mangani chipala pakhomo, musule mipeni yanu

Ntchito yokolola ikatha, alimi ambiri amatsala ndi zikwanje zobuntha ndi mipeni yothyoka. Kugula zatsopano kumadya ndalama zomwe zikadathandiza pa feteleza. Komatu chipala chosulira zitsulo mungachimange nokha ndi zinthu zosavuta kupeza.

Pezani njerwa zootcha 12, dothi la pachulu, mchenga ndi paipi yachitsulo yotalika theka la mita. Paipiyo isakhale yotuwa ija ya madzi, chifukwa zinki wake akapsa amatulutsa utsi wodwalitsa. Yalani njerwa m'mizere iwiri, pakati pakhale kangalande kotambalala ngati chikhatho. Kandani dothi ndi mchenga, mumate m'kati monse. Lowetsani paipi cham'mbali kuti kamwa lake lithere pansi pa kangalandeko. Dikirani masiku angapo ziume, poti dothi lonyowa limang'ambika pamoto.

Kumapeto kwina kwa paipi mangirirani mvukuto wa chikopa cha mbuzi kapena wa chubu chakale cha galimoto. Chipalachi chikhale panja, kutali ndi nkhokwe ndi madenga a udzu. Makala gulani kwa ovomerezeka, pakuti lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kuotcha makala popanda chilolezo.

Chitsulo chabwino cha mpeni ndi sipuling'i yakale ya galimoto kapena tupa wakutha. Chitsulo cha m'konkire sichisunga ukali. Otchani mpaka chifiire psuu, ndipo musulire pa mutu wa nyundo yaikulu wokhazikidwa pachitsa.

Ambiri amalakwitsa polimbitsa. Mukatha kusula, otchaninso mpeniwo mpaka maginito aleke kumatirira, pa madigiri pafupifupi 770. Onjezerani moto pang'ono, kenaka uviikeni msanga m'mafuta ophikira. M'madzi sipuling'i imakonda kung'aluka. Mafuta amatha kuyaka, choncho chivindikiro chikhale pafupi.

Apa mpeni walimba koma ndi wosachedwa kuthyoka ngati galasi. Upaleni uwale, muutenthetse pang'onopang'ono kumsana mpaka kukamwa kwake kuoneke mtundu wa udzu wouma. Uchotseni pomwepo. Kukamwa kukafika pobiriwira ngati thambo ndiye kuti wafewa, udzabuntha msanga.

Yambani ndi timipeni ta m'khitchini musanayese chikwanje. Dzanja likazolowera, pitani nayo pa tsiku la msika, ndipo anzanu adzayamba kukubweretserani makasu awo kuti muwakonzere mvula isanagwe.